Kalata kwa akuluakulu a PRASA: konzani maloboti a panjanji musanawonjezere sitima zina

Kwa a Nduna ya Zamtengatenga m'dziko la South Africa, a bodi ndi mkulu wa kampani ya PRASA, imene imayendetsa sitima za anthu za Metrorail, komanso akuluakulu a bungwe loyang'anira chitetezo cha panjanji la Railway Safety Regulator,

Olemekezeka,

M'mabogi a Metrorail amene amanyamuka kusanache ku Tembisa, ku Mabopane, ku Naledi, ku Philippi ndi ku Umlazi mumakhala Amalawi ambiri, pamodzi ndi abale athu a ku Chipata ndi ku Tete. Ndi anthu ogwira ntchito za m'nyumba, olima maluwa, alonda, amisiri omanga ndi aganyu. Kwa iwo kusiyana kwa mtengo wa sitima ndi wa takisi ndi ndalama imene imayenera kupita kumudzi pakutha pa mwezi. Sitima ikalephera kubwera, munthu amalipira takisi ali ndi tikiti ya mwezi wonse m'thumba, kenako amakadulidwanso malipiro chifukwa chofika mochedwa. N'chifukwa chake nkhani ya njanji zanu ndi yathunso.

Tikuvomereza kuti ntchito yagwirika. Cha m'ma 2014 anthu ankakwera Metrorail maulendo oposa 500 miliyoni pachaka. Pofika chaka cha 2021/22 maulendowo anatsika osafikanso 20 miliyoni. Lero zambiri mwa njira 40 za Metrorail zatsegulidwanso pambuyo posakazidwa ndi akuba, ndipo sitima zabuluu za Isitimela Sabantu zimene kampani ya Gibela imapanga ku Dunnottar zikuyenda. Koma sitima yatsopano imaoneka ndi maso, pamene chimene chimateteza moyo wa okwera chili m'mabokosi achitsulo ndi m'nthambo za m'mbali mwa njanji. Pempho lathu lalikulu ndi limodzi: ndalama, amisiri ndi alonda zipite kaye ku maloboti a panjanji, ndipo muziuza anthu poyera malo onse kumene sitima zikuyendabe pa chilolezo cha pakamwa, chimene dalaivala amapatsidwa pa foni maloboti akawonongeka.

Tifotokoze chifukwa chake, kuti ndi owerenga ena omwe amve. Sitima siyima ngati galimoto. Mawilo achitsulo pa njanji yachitsulo sagwira kwambiri, ndiye dalaivala sangadalire maso ake okha. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola, sitima ya anthu imafuna mamita 40 kapena kuposerapo kuti iyime mabuleki atagwira kale. Liwirolo likawirikiza kufika 60, mtunda woyimira umawirikiza kanayi. Pa 90 timakamba za mamita oposa 300, ndipo mvula ikanyowetsa njanji mtundawo umatalikirabe. Choncho njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo lake ndi lakuti m'chigawo chimodzi mukhale sitima imodzi basi.

Chimene chimadziwa kuti m'chigawo muli sitima si munthu. Pa njira zakale pali track circuit: magetsi ochepa amayenda m'njanji ziwirizo n'kukagwira relay, kaswichi ka magetsi, kumapeto kwa chigawo. Sitima ikalowa, mawilo ndi ekiselo, chitsulo chogwira mawilo awiri, zimalumikiza njanji ziwirizo, magetsi safikanso ku relay, relay imagwa, loboti yakumbuyo imafiira. Pa njira zatsopano pali makina owerenga maekiselo. Sitima yabuluu ya mabogi 6 ili ndi maekiselo 24. Akalowa 24, ayenera kutulukanso 24 kuti chigawocho chionedwe kuti chilibe kanthu. Pamwamba pa zonsezi pali interlocking, imene imakana kuyatsa loboti yobiriwira ngati mapoyinti, pamene njanji imapatukira ku inzake, sanakhale m'malo mwake ndi kukiyidwa. Makina onsewa anapangidwa dala kuti akawonongeka azifiiritsa loboti. Wakuba akadula nthambo usiku, m'mawa maloboti onse a pamalopo amakhala ofiira ngakhale njanji ilibe sitima. Mpaka pamenepa palibe ngozi. Ngozi imayamba ndi zimene zimachitika pofuna kuti sitima ziyendebe.

Zimachitika ndi izi. Dalaivala amayima pa loboti yofiira n'kuyimbira woyang'anira kayendedwe ka sitima, amene pantchito amangomutchula kuti TCO. TCO amayang'ana m'buku lake kuti sitima yomaliza kulowa m'chigawocho inatuluka, amatsimikiza kuti mapoyinti akhazikitsidwa ndi kumangidwa pamanja ndi chitsulo chopanira, kenako amapereka chilolezo: nambala ya sitima, nambala ya loboti imene ikudutsidwa, ndi malo enieni pamene chilolezocho chikuthera. Dalaivala amalemba, n'kubwereza mawu onse monga wawamvera. TCO amamvetsera n'kuvomereza kapena kukonza. Sitima imayenda pang'onopang'ono, osaposa makilomita 30 pa ola, dalaivala ali wokonzeka kuyima akaona chilichonse kutsogolo. Njira imeneyi inakonzedwera tsiku limodzi loipa. Ikagwiritsidwa ntchito miyezi, TCO mmodzi akupereka zilolezo zambirimbiri pa shifiti imodzi, mafoni awiri akulira, kubwereza kuja kumasanduka mwambo chabe. Khutu limamva zimene likuyembekezera kumva.

Simukufunika kutikhulupirira ife, chifukwa zili m'mabuku anu. Pa 9 Januwale 2018 pa siteshoni ya Geldenhuis ku Germiston, sitima inawomba inzake kumbuyo ndipo anthu oposa 200 anavulala. Sitimazo zinkayenda pa chilolezo cha pakamwa. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho zinachitikanso pa Van Riebeeck Park ku Kempton Park, anthu pafupifupi 320 anavulala, ndipo a Railway Safety Regulator anafika pofuna kuyimitsa chiphaso cha chitetezo cha PRASA mpaka nkhani inakalowa kukhoti lalikulu. Patangopita miyezi itatu, pa 8 Januwale 2019, sitima inawomba ina imene inayima pa siteshoni ya Mountain View ku Pretoria. Anthu osachepera atatu anamwalira, oposa 600 anavulala. Lipoti loyamba la ofufuza linapeza kuti dalaivala anabwereza chilolezo molakwika ndipo TCO anavomereza zolakwikazo. Linapezanso kuti chigawo cha pakati pa Pretoria North ndi Mountain View chinali chikuyenda pa chilolezo cha pakamwa kuyambira Novembala 2018. N'zosavuta kuloza chala anthu awiri amene anali pa foni m'mawa umenewo. Ife tikuloza masabata onse amene maloboti anakhala osakonzedwa, chifukwa ndi amene anachititsa kuti miyoyo ya anthu odzaza sitima ziwiri itsamire pa chiganizo chimodzi cha pa foni.

Kupatula ngozi, pali masamu amene wokwera aliyense amawamva m'thupi. Tiyerekeze chigawo cha makilomita 6 chopanda maloboti. Pa makilomita 30 pa ola sitima imatenga mphindi 12 kuchidutsa, ndipo tikawonjezera mphindi zitatu zopereka ndi kutsimikiza chilolezo, pa ola padutsa sitima zinayi zokha. Sitima yabuluu imanyamula anthu pafupifupi 1,200, ndiye kuti anthu 4,800 pa ola. Maloboti akamagwira ntchito, sitima zikhoza kutsatizana mphindi zisanu zilizonse, kutanthauza sitima 12 ndi anthu 14,400 pa njanji yomweyo. Chigawo chimodzi choipa chimalamulira njira yonse. Mukhoza kulandira sitima zonse 600 za mgwirizano wa Gibela, koma zambiri zidzangokhala m'mayadi pomwe anthu akukankhana pa pulatifomu kudikirira imodzi.

Tikupempha zinthu zenizeni pa chilolezo cha pakamwa chimene chatsalabe. Kukambirana konse kwa TCO ndi dalaivala kuzidutsa pa wayilesi ya njanji imene imajambula mawu, osati pa foni ya m'thumba. Chilolezo chilichonse chizitsimikizidwa ndi munthu wachiwiri asanachipereke, ndipo mkulu wa chigawo azimvetsera zojambulidwa zingapo sabata iliyonse ngakhale pasanachitike ngozi. Paikidwe malire a zilolezo zimene TCO mmodzi angapereke pa ola; zikapitirira, muchepetse sitima kapena muwonjezere munthu. Zolemba za liwiro za m'sitima ziziwerengedwa, kuti adalaivala amene akukakamizika kuthamanga pofuna kubweza nthawi adziwike msanga, ndipo amene akuwakakamizawo adziwikenso. Ndipo chigawo chilichonse chikalowa m'chilolezo cha pakamwa chizikhala ndi tsiku lolembedwa limene chidzatulukemo.

Maloboti okha sakwanira. Pa 28 Epulo 2015 pa siteshoni ya Denver ku Johannesburg, sitima inadutsa loboti yofiira n'kuwomba inzake yoyima. Munthu mmodzi anamwalira ndipo anthu oposa 200 anavulala. Munthu amatopa, amasinza, dzuwa la m'mawa limamuthobwa m'maso. Mankhwala ake ndi makina amene amamanga okha mabuleki sitima ikadutsa loboti yofiira kapena ikapyola liwiro lololedwa. Pamene mukuikanso maloboti atsopano m'njira zimene zinasakazidwa, ikani ndi makinawo nthawi imodzi, poyambira m'mphambano zotanganidwa monga Germiston, Pretoria ndi Salt River. Kudzabwereranso kudzakumba kachiwiri n'kodula kuposa kuchita lero.

Tsopano magetsi. Sitima zambiri za Metrorail zimayendera mavoti 3,000 a DC. Sabusiteshoni imalandira magetsi a Eskom kapena a khonsolo, transifoma imawatsitsa, rectifier imawasandutsa DC, kenako amapita ku waya wapamwamba. Pantograph, mkono wachitsulo wa padenga la sitima, imakhudza wayayo, ndipo magetsi akagwira ntchito m'mamota amabwerera ku sabusiteshoni kudzera m'njanji ndi m'nthambo zikuluzikulu zolumikiza njanjizo. Sabusiteshoni imodzi ikathyoledwa, zoyandikana nazo zimasenza mtunda wautali, mavoti amatsika pakati, ndipo sitima ziwiri zikanyamuka nthawi imodzi buleka yodula magetsi ku sabusiteshoni imagwa. Okwera amangoona magetsi azima, sitima yayima pathengo. Timawaya tolendewera timene timanyamula waya wokhudzana ndi pantograph tikabedwa, kapena waya akakhwefuka ndi kutentha, pantograph imamukola n'kugwetsa mamita mazanamazana a waya pa mphindi imodzi. Ntchito yokonza imatenga maola ambiri, kawirikawiri tsiku lonse. Nthambo zobwezera magetsi zija zikadulidwa, magetsi amafuna njira ina n'kuwotcha zipangizo za maloboti. Kuba kwa usiku umodzi kumawononga zinthu ziwiri.

Mukudziwa bwino m'mene njanji zinafikira pokhala mabwinja. Kumapeto kwa 2019 mapangano a makampani a alonda anathetsedwa popanda ena okonzeka kulowa m'malo mwawo. Mu Malichi 2020 mliri wa Covid-19 unayimitsa sitima, mawaya anakhala opanda magetsi ndiponso opanda mlonda, ndipo akuba anayamba ndi mkuwa n'kumalizira madenga, zitseko ndi njerwa za masiteshoni. Phunziro lake ndi la ntchito: njanji imene sikuyenda sitima imabedwa msanga kuposa imene ikuyenda, ndipo mgwirizano wa alonda, ngakhale utakhala ndi chinyengo, usathe wina asanayime pamalopo. Pa zomangamanga, chepetsani chimene wakuba angagulitse. Waya wokhudzana ndi pantograph afunikadi mkuwa, koma nthambo zodyetsera ndi zobwezera magetsi zikhoza kukhala za aluminiyamu kapena zachitsulo chokutidwa. Mauthenga a maloboti ayende mu fibre, nthambo ya ulusi wagalasi, yokwiriridwa m'ngalande za konkire, zolembedwa poonekera kuti mulibe mkuwa, pakuti akuba amadula kaye n'kuzindikira pambuyo. Mabokosi a zipangizo akhale ndi alamu yolira ku malo owongolera monga a ku Kaalfontein ndi ku Bellville, ndipo pakhale galimoto imene ingafike pamalopo m'mphindi zowerengeka, chifukwa alamu yopanda woyankha ndi phokoso chabe. Lamulo la 2015 lololeza chilango cha zaka zofika 30 kwa owononga zipangizo zofunika za dziko lilipo kale. Limene likusowa ndi dzanja lofika kwa ogula zitsulo zakutha amene amalandira mkuwa wowotchedwa usiku osafunsa kumene wachokera.

Pali mbali ina imene sifuna mabiliyoni, koma imapweteka anthu tsiku ndi tsiku: chimene chimachitika sitima ikayima pakati pa masiteshoni. Mu Malichi 2019 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anakwera sitima kuchokera ku Mabopane kupita ku Pretoria, ulendo wa mphindi 45, ndipo unatenga maola oposa atatu. Dziko lonse linamva chifukwa munali iye. Kwa okwera a masiku onse vuto lalikulu pa nthawi ngati imeneyo ndi kusauzidwa kanthu. Pakatha mphindi khumi kuli zii, anthu amayamba kuyang'ana mawotchi. Pakatha theka la ola m'bogi modzaza, mpweya wozizira utazima pamodzi ndi magetsi, wina amakoka chotsegulira chitseko pa ngozi ndipo anthu amatsikira pa miyala ya njanji. Kuchoka pa chitseko kufika pansi ndi mtunda woposa mita; agogo ndi amayi obereka ana ndi amene amavulala. Choopsa kwambiri n'chakuti njanji yoyandikana nayo imakhala ikuyendabe sitima.

Ndondomeko yake ndi yodziwika, imangofuna kutsatidwa. Dalaivala alankhule ndi okwera pa zokuzira mawu za m'sitima mphindi zisanu zisanathe, ngakhale uthenga utakhala wakuti akudikira kumva, ndipo azibwereza pafupipafupi. TCO akangomva kuti chitseko chatsegulidwa, ayimitse sitima za njanji zoyandikana. Pakhale nthawi yoikika imene ikakwana, chisankho chipangidwe: kukoka sitimayo ndi injini ya dizilo, kuyimika ina pambali kuti anthu asamukiremo, kapena kuwatsitsa mwadongosolo ndi makwerero, alonda akuwatsogolera ku siteshoni yapafupi. Injini zokokera zoterozo zizikhala zokonzeka pa malo odziwika m'maola otanganidwa, ndi dalaivala wake ali pomwepo. Uthenga womwewo ufike ku masiteshoni onse a njirayo ndi pa WhatsApp ndi Facebook, wonena chimene chawonongeka, pati, ndi nthawi imene mukuganiza kuti sitima ziyambiranso. Mawu akuti pali vuto la zipangizo samuthandiza munthu kusankha kudikira kapena kuthamangira takisi. Ndipo amene ali ndi tikiti ya sabata kapena ya mwezi apatsidwe umboni wa kuchedwako, kapepala kapena uthenga wa pafoni, woti akaonetse kwa abwana ake. Anthu ambiri ochokera kunja alibe mgwirizano wolembedwa wa ntchito. Kuchedwa kawiri popanda umboni kumawachotsetsa ntchito.

Kusauzidwa kanthu kumabalanso mkwiyo, ndipo mabogi akhala akuwotchedwa. Sitikuikira kumbuyo aliyense wowotcha sitima. Moto wa pa 28 Novembala 2019 pa siteshoni yaikulu ya Cape Town unapsereza mabogi 18, ndipo amene anavutika ndi osauka omwewo a ku Cape Flats. Chaka chomwecho Central Line yopita ku Khayelitsha ndi ku Mitchells Plain inatsekedwa, ndipo anthu osowa pokhala anamanga zisakasa pa njanji penipeni ku Langa ndi ku Philippi. Kuwasamutsa kwatenga zaka. Pamene mwatsegulanso, mangani mipanda pamodzi ndi milatho ya oyenda pansi pamalo pamene anthu amadutsadi, pafupi ndi sukulu, chipatala ndi malo okwerera matakisi. Mpanda wotseka njira ya kusukulu umabooledwa sabata yomweyo.

Pa zitseko, khoti la Constitutional Court linanena kale kawiri. Mu 2004, pa mlandu wa Rail Commuters Action Group, linagamula kuti oyendetsa Metrorail ali ndi udindo woteteza okwera. Mu 2015, pa mlandu wa Mashongwa, munthu amene anaponyedwa kunja ndi achifwamba sitima ikuyenda zitseko zili pululu mpaka kudulidwa mwendo, linapeza PRASA yolakwa. Sitima zabuluu sizinyamuka chitseko chisanatsekeke, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zabwino zake zazikulu. Chenjezo lathu ndi lakuti chitseko chimodzi chikavuta m'mawa, pamakhala chiyeso chodumphitsa chitetezocho kuti sitima isachedwe. Chololedwa chikhale kukiya chitseko chovutacho, kuchiika chizindikiro, ndi kuchikonza usiku womwewo ku depoti. Kudumphitsa chitetezo cha sitima yonse kuzilembedwa nthawi iliyonse ndi dzina la amene walamula.

Malo odutsira magalimoto asaiwalike. Pa Buttskop ku Blackheath ana asukulu 10 anafa mu Ogasiti 2010 takisi itazemba zotchinga, ndipo mu Epulo 2018 anthu 7 anaferanso pomwepo. Zotchinga za theka la msewu zimasiya mpata wozembera. Pamene sitima zikuchuluka ndi kuthamanga, pafunika zotchinga msewu wonse, makamera opereka chindapusa, ndipo pamalo otanganidwa chotero pafunika mlatho.

Zonsezi zimadutsa m'manja mwa ogula katundu, ndipo mbiri ya kumeneko ndi yowawa. Injini za Afro 4000 zimene zinabwera kudzera ku kampani ya Swifambo, pa mgwirizano wa ndalama pafupifupi R3.5 biliyoni, zinapezeka zazitali kuposa muyezo wa njanji zina za dzikolo, ndipo khoti linathetsa mgwirizanowo mu 2017. Lipoti la 2015 la Public Protector, ofesi yofufuza madandaulo okhudza mabungwe a boma, linatchula zambiri zamtundu womwewo. Ntchito ya maloboti ndi ya ndalama zochuluka ndipo munthu wamba sangaione ndi maso, choncho ndi yosavuta kubamo. Mgwirizano uliwonse ulengezedwe ndi mtengo wake, makilomita ake ndi tsiku lomaliza. Malipiro omaliza aperekedwe chigawo chikayesedwa ndi mainjiniya osadalira kontirakita ndipo sitima zayamba kuyendera maloboti. Mulembenso ndi kuphunzitsa amisiri anuanu a maloboti ndi a magetsi, ndipo musunge zipangizo zosinthira m'madepoti, ma relay, mamota a mapoyinti ndi timitu towerengera maekiselo, kuti chowonongeka Lachisanu madzulo chisadikire kontirakita mpaka Lolemba.

Kwa inu a Railway Safety Regulator, tikupempha kuti mwezi uliwonse muzitulutsa poyera, njira ndi njira, makilomita amene akuyenda pa chilolezo cha pakamwa, chiwerengero cha zilolezo zimene zaperekedwa, maulendo amene sitima yadutsa loboti yofiira, ndi malo amene liwiro latsitsidwa chifukwa cha njanji yoipa. Malipoti athunthu a ngozi azituluka m'chilankhulo chimene wokwera angamve, pamodzi ndi mndandanda wa zimene munalamula ndi zimene zachitikadi. Ndipo kwa inu a Nduna, pamene PRASA ikubwera kudzapempha ndalama za chaka chamawa, funso loyamba likhale la makilomita angati amene achoka pa chilolezo cha pakamwa kubwerera ku maloboti, pa njira iti, ndipo otsalawo atha mwezi uti.

Ndife,
Amisiri a ntchito za njanji ndi okwera Metrorail olankhula Chichewa ku Gauteng, ku Western Cape ndi ku KwaZulu-Natal